Kamzere Kamodzi ka Netiweki

Nilza anaimirira pamwamba pa mwala, mkono uli m'mwamba ngati mwana wofuna kuyankha funso m'kalasi. M'dzanja lake munali foni. Anailozetsa kumanja, kenako kumanzere, kenako anadzikweza ndi zala za kumapazi. Pakona ya galasi la foniyo panatulukira kamzere kamodzi, kakang'ono ngati njere ya mpunga.

"Usathawe," ananong'ona. "Chonde usathawe."

Kumunsi kwake minda ya tiyi inafika mpaka pamene maso amalekeza, ndipo nkhungu inali itayamba kutsika kuchokera kuphiri la Namuli. Mphepo inkamuboola juzi. Panalibe munthu wina aliyense paphiripo.

Chiyambire chaka, Nilza ankakhala ndi mayi ake aang'ono, a Zulmira, namwino wa pakachipatala kena kunja kwa tauni ya Gurué. Kwawo kwenikweni kunali ku Beira, m'dera la Munhava. Madzi osefukira atagwetsa khoma la nyumba yawo ndi kuwononga nsomba zouma zimene mayi ake, a Lurdes, ankagulitsa, mayiwo anapeza ntchito ya m'nyumba ku Maputo. Mabwanawo ananeneratu kuti safuna wantchito wobwera ndi mwana.

Tsiku losiyana, pamalo okwerera basi, a Lurdes anamufumbatitsa foni.

"Ndagula kumsika wa Goto," anatero. "Si yatsopano, koma wogulitsa wati ndi yosakiyidwa. Tizilankhulana, mwanangu."

"Mwandigulira kuti mundisiye bwinobwino," Nilza anayankha. Analowa m'basi, ndipo sanasuzumire pazenera.

Atafika ku Gurué anapeza kuti m'chigwa chonse chimene munali chipatala, sukulu ndi nyumba yawo, foni yake inali zii, yopanda netiweki. Kampani ya khadi lake inali ndi nsanja kutauni kokha. Mwala wa paphiri uja anachita kuutulukira yekha tsiku lina akungoyendayenda, ndipo kuyambira pamenepo ankakwerako madzulo alionse akaweruka kusukulu.

"Iwe mwana, udzathyoka miyendo chifukwa cha chinthu chosavuta," anatero a Zulmira tsiku lina akudya mpunga ndi nyemba. "Kuno tonse timagwiritsa ntchito kampani inayo. Nsanja yake ndi iyo kuseri kwa tchalitchi. Foni yakoyo imalandira khadi lililonse. Loweruka tipite kutauni, ndikalembetse layini m'dzina langa, nkhani yatha."

"Anzanga amadziwa nambala yomweyi, Titiya."

"WhatsApp siisintha ayi. Uchotsa khadi, uika lina, macheza ako onse ali pompo. Ine ndinachita zomwezo nditachoka ku Quelimane."

Nilza anasuntha nyemba ndi supuni, uku ndi uku.

"Nanga vuto ndi chiyani?"

"Ine sindikhalitsa kuno," anatero motsitsa mawu.

A Zulmira anatenga mbale n'kupita nazo panja.

Kusukulu zinthu sizinali bwino. M'kalasi ankaphunzira m'Chipwitikizi, koma belu la nthawi yopuma likangolira, aliyense ankatembenukira ku Chilomwe, chimene Nilza sankamva ngakhale liwu limodzi. Ankakhala yekha pansi pa mtengo wa bulugamu, akuyang'ana zithunzi zakale mufoni. Nkhani ya mwala itamveka, anamupatsa dzina.

"Madamu Netiweki!" ankakuwa Gildo, mnyamata wamtali wosatha phokoso. "Dzulo munakola mizere ingati? Mutigawireko umodzi, tikakazinge!"

Onse ankaseka. Nilza ankangoyang'ana pansi.

Amene sankaseka nawo kwambiri anali Saquina, mtsikana wokhala naye desiki imodzi. Mayi ake ankathyola tiyi, ndipo njira yopita kumunda kumene ankagwira ntchito inkadutsa m'munsi mwa mwala uja. Madzulo ena anaima pamenepo, dengu lili pamutu.

"Nilza mnzanga, sukuzizidwa pamwambapo? Tsika, kwathu mapeyala apsa, akungogwa okha."

"Ndikudikira uthenga."

"Ndiye tenga nambala yanga, ukafuna kubwera udzandiuze." Saquina anatulutsa kafoni ka mabatani, kong'ambika, komangidwa ndi mphira.

Nilza anakayang'ana ali pamwamba pomwepo. "Imeneyo ndi foni kapena sopo?"

Saquina anaseka pang'ono, koma kusekako sikunafike m'maso. Anabweza kafoniko m'thumba, anakonza dengu lake n'kumapita. Kuyambira tsiku limenelo ankangodutsa mwakachetechete.

Uthenga umene Nilza ankadikira unali wa Yolanda ndi Sheila, anzake a ku Beira. Poyamba ankalemba zambiri. Ankamuuza za aphunzitsi, za anyamata, za amene wayambana ndi mnzake. Kenako mauthenga anayamba kufupika. "Tikukusowa." Kenako tizithunzi ta mitima tokha. Tsiku lina chithunzi chinatenga nthawi yaitali kuti chitseguke pa kamzere kamodzi kaja, ndipo chitatseguka anaona Yolanda ndi Sheila ali kugombe la Macuti, akudya ayisikilimu. Pakati pawo panali mtsikana wina amene Nilza sankamudziwa, atakoleka mikono m'makosi mwawo.

Analemba kuti, "Ameneyo ndi ndani?" Yankho linabwera mawa lake: "Ndi Neusa, ndi wosangalatsa bwanji! Ukanamuona."

Panali uthenga wina umene sunkalephera. Foni ikangogwira netiweki, kampani inkatumiza mawu akuti nambala yakutiyakuti inakuimbirani. Inali nambala ya mayi ake. A Lurdes anali ndi foni ya mabatani, ndipo kulemba sankakukonda. Ankaimba chakum'mawa, mabwana akapita kuntchito, nthawi imene Nilza anali kusukulu m'chigwa. Madzulo, Nilza ali pamwala, iwo amakhala ali kukhitchini, abwana aakazi ali pafupi.

Nilza ankauwerenga uthengawo n'kuufufuta. Lamlungu mayi ake akaimba pafoni ya a Zulmira, iye ankayankha mawu awiri, "Ndili bwino," kenako ankati ali ndi zochapa. Mumtima ankati, amve nawonso mmene zimawawira.

Nyengo ya mvula itafika pachimake, a Zulmira anaitanidwa ku maphunziro a anamwino ku Mocuba.

"Ndikhalako sabata yonse," anatero akulongedza chikwama. "Mayi a nyumba iyo azikuzonda. Ufa ulipo, makala alipo. Foni uzikatchaja kuchipatala. Ndipo kuphiri kuja kwaterera, wamva?"

"Ndamva, Titiya."

Koma madzulo omwewo anakwera. Kamzere kanabwera. Anadikira kulira kwa uthenga wa kampani uja, koma foni inangokhala chete. Anaganiza kuti mwina wachedwa panjira. Anatsika kukuyamba kuda.

Mawa lake chimodzimodzi. Palibe amene anamuimbira.

"Atopa," anadziuza yekha. "Ndinadziwa kuti adzatopa."

Anayesa kukwiya, koma mkwiyo sunabwere. M'nyumba munali chete moti ankamva madontho akugwera m'beseni pakona. Anaphika, koma chakudya chinamukanika. Anazindikira kuti kauthenga kamene ankakafufuta kaja n'kamene kankamukweza phiri, osati Yolanda, osati Sheila.

Masiku anapitanso opanda kanthu. Lachisanu mvula inayamba m'mawa osakata. Ataweruka, Nilza sanapite n'kunyumba komwe. Anakulunga foni m'pepala la pulasitiki n'kuyamba kukwera. Matope ofiira ankamuvula nsapato. Anagwa kawiri, n'kudzicheka bondo pamwala. Atafika pamwamba anabisa foni m'kati mwa juzi, anaitukula pang'ono, ndipo kamzere kataoneka anaimba nambala ya mayi ake, koyamba chichokereni ku Beira.

Inaitana. Kenako kunamveka mawu a mayi wina, osati a Lurdes.

"Halo? Ndi nda... mwana wa... ali ku chipa..."

Foni inaduka.

"Halo! Halo!" Nilza anakuwa. Anayang'ana pagalasi. Kamzere kaja kanali katapita. Anatukula foni, anatembenuka, analumpha, anakwera pansonga penipeni pa mwala pamene sankayerekeza kupondapo. Palibe. Nkhungu inali itatseka chilichonse, ngakhale mitengo ya pafupi.

Anakhala pansi pamwala wonyowawo n'kuyamba kulira mokweza, ngati kamwana.

"Ndani ameneyo?"

Mawuwo anachokera m'munsi. Anali Saquina, atafunda thumba la feteleza kumutu, akuchokera kokapereka chakudya kwa mayi ake. Anaima n'kuyang'ana m'mwamba.

"Nilza? Wapenga kodi? Mphezi ikupeza pamenepo!"

"Mayi anga," Nilza anatero. "Ndikuganiza kuti ali kuchipatala. Foni yaduka. Sindikudziwa ngati..."

Saquina sanafunsenso. Anakwera, anamugwira dzanja n'kumutsitsa pang'onopang'ono. Anamufunditsa mbali ina ya thumba lija, ndipo anatsetsereka limodzi mpaka pakashedi ka malata pamene anthu othyola tiyi amayezetsera masamba awo. Munalibe munthu. Mvula inkasokosa padenga.

"Ndibwereke foni yako," Nilza anapempha, osamuyang'ana kumaso.

"Yafa kuyambira dzana. Timatchaja ndi sola, ndiye dzuwa lake liti?" Saquina anaganiza pang'ono. "Yako ili ndi moto?"

"Ili nawo."

"Ndi yokiyidwa?"

"Ayi. Amati imalandira khadi lililonse."

"Ndiye tikudikira chiyani?"

Saquina anamasula mphira, anachotsa chivundikiro ndi batire, n'kusolola khadi lake. Kenako anavula ndolo, n'kulowetsa kawaya kake pakabowo ka m'mbali mwa foni ya Nilza. Kathireyi kanatuluka. Koma khadi la Saquina linali lalikulu, ndipo malo ake anali aang'ono ngati chikhadabo.

"Silikwana," anatero Nilza, mtima utagweratu.

"Taona timizere iti. Kakang'ono kali m'kati mwa lalikulu. Timangokankha." Saquina anaika chala chachikulu pakati pa khadilo.

"Dikira! Ukalithyola silikhalanso bwino mufoni yako. Lizigwedera."

"Ndidzatsekera ndi kapepala. Sopo wanga anazolowera mavuto."

Nilza anamva nkhope yake ikutentha ngakhale kunali kuzizira. Anafuna kunena kanthu, koma khadi linali litalira kale kuti thwa. Saquina anaika kachidutswako m'kathireyi, anakankha, ndipo anazimitsa foni n'kuiyatsanso.

Anadikira, mitu itagundana. Galasi linawala. Pakona panatuluka dzina la kampani ina, kenako mizere inayamba kukwera, umodzi pamwamba pa unzake, mpaka inadzaza. Anali m'chigwa, pansi pa malata, mvula ili pakati. Miyezi yonse ija netiweki inali pomwepa, m'kalasi, kukhitchini, ngakhale pabedi pake.

"Imba msanga," anatero Saquina. "Muli timayunitsi tochepa, timene amayi amati n'tadzidzidzi."

Ulendo uno mawu anamveka bwino ngati munthuyo ali m'shedi momwemo.

"Ndine Otília, ndimagwira ntchito nyumba yoyandikana ndi ya mayi ako. Ndiwe Nilza? Mayi ako anagwa akuchapa, Lolemba. Malungo, anawabisa mpaka anakula. Tinathamanga nawo kuchipatala. Tayesa nambala ya mng'ono wawo, koma amangozimitsa, kaya ali m'kalasi. Yakoyo ndiye anandiuza okha kuti ndisavutike, siipezeka."

"Ali moyo?"

"Ali moyo, mwanawe. Lero amwako phala. Dikira ndiwapatse."

Kunamveka kukhwekhwereza kwa nsalu, kenako kupuma kwa munthu wotopa.

"Nilza?"

"Mama."

"Ndiwedi? Nambalayi ndi ya ndani?"

"Ya mnzanga." Liwulo linatuluka lokha. Saquina anayang'ana kumbali, n'kuyamba kusewera ndi mphira uja. "Mama, bwanji simunanene kuti mukudwala?"

"Ndikanauza ndani?" a Lurdes anaseka mofooka. "Usalire. Ndikuchira. Iwe ukudya? Kumeneko amati kumazizira, juzi ija ikukukwanabe?"

"Ndimaona kuti mumaimba, Mama. Tsiku lililonse ndimaona. Ndinkangofufuta."



"Ndimadziwa," anatero mayi ake. "Zulmira anandiuza za mwala wako. Ndinati musiyeni, mtima wake uli ndi bala. Koma kuimba sindikanasiya. Ku Maputo kuno anthu ndi ambiri, mwanangu, koma tsiku limatha osamva munthu akunditchula dzina. M'nyumba muja ndine 'iwe'. Iwe tenga ichi, iwe pukuta apo. Chilankhulo cha kuno sindichimva. Ndiye mabwana akachoka ndimakhala pakhonde la kuseri n'kuimba nambala yako. Amayankha ndi mayi uja wa mufoni, amene amati nambala mwaimbayi siikupezeka. Mapeto ake ndinayamba kumuyankha. Ndimati, zikomo mayi, ndiyesanso mawa."

Nilza anatseka pakamwa ndi dzanja. Nthawi yonseyi ankaganiza za mayi ake ali mumzinda wa magetsi, otanganidwa, atapepukidwa katundu. Sanaganizepo za khonde la kuseri.

"Mama, pepani. Ine ndimaganiza kuti..."

Foni inalira kawiri n'kuduka. Mayunitsi anali atatha.

Mvula inali itayamba kuchepa. Nilza anapukuta maso ndi mkono wa juzi, anatulutsa khadi n'kulibweza kwa mwini wake ndi manja awiri. Saquina analibwezera m'chimango chake, anang'amba kapepala m'kope, anakapinda n'kutsekera.

"Ndakuthera mayunitsi a mayi ako."

"Ndiwauza. Dzidzidzi lake ndi limeneli."

"Ndipo zija ndinanena tsiku lija..."

"Zinandiwawa," anatero Saquina mosabisa, akukulunga mphira. "Ndinakafika kunyumba n'kulira. Ndimaganiza kuti umationa ngati nyani." Anaimirira n'kukutumula thumba lija. "Tiye. Bondo lakolo likufunika madzi otentha, ndipo sugona wekha m'nyumba muja lero, Madamu. Kwathu n'kopanikizana, koma n'kofunda."

A Zulmira atabwerera, Nilza ndiye anayambitsa nkhani asanatule n'chikwama chomwe. Loweruka anakwera galimoto yopita kutauni. Pakhonde la sitolo ina panali mnyamata wa tebulo ndi ambulera, amene analembetsa layini yatsopano ndi chitupa cha a Zulmira, n'kukonzanso zoti intaneti izigwira. Nilza anapempha kuti agulenso mayunitsi a mayi ake a Saquina.

Pobwerera anatsegula WhatsApp. Zonse zinalipo monga mmene a Zulmira ananenera, ndipo zithunzi zinkatseguka m'kuphethira kwa diso. Koma uthenga wake panalibe. Yolanda ndi Sheila anali atayamba gulu lina. Nilza anayang'ana panja, pamizere ya tiyi imene inkathamangira kumbuyo. Zinamupweteka, ndipo anadziwa kuti zipwetekabe kwa nthawi. Anabweza foni m'thumba.

A Lurdes anatuluka m'chipatala n'kubwerera kuntchito sabata yotsatira. Lolemba lake, belu la nthawi yopuma litalira, Nilza anapempha foni yake kwa aphunzitsi amene ankasunga mafoni a ana, n'kuzungulira kuseri kwa kalasi. Saquina anamutsatira, akusenda chinangwa chowotcha.

"Madamu Netiweki atsika m'phiri!" anakuwa Gildo. "Kodi kumwamba kwatha?"

Saquina anamuyankha m'Chilomwe mawu amene anaseketsa bwalo lonse, mpaka Gildo anadzigwira kumutu n'kuthawa.

"Wamuuza chiyani?" Nilza anafunsa.

"Ndidzakuphunzitsa. Imba kaye, nthawi ikutha."

Nilza anaimba. Inangoitana kamodzi.

"Halo?"

Nilza anakonza kukhosi, n'kulankhula pang'onopang'ono, momveka bwino, ngati wowerenga nkhani pawailesi.

"Ndikulankhula ndi Dona Lurdes Meque? Dona Lurdes a ku Munhava, odziwa kusankha nsomba kuposa aliyense mu Beira? Mwadzuka bwanji, Dona Lurdes?"

Kumbali inayo kunamveka phokoso limene Nilza sanathe kusiyanitsa ngati kunali kuseka kapena kulira.

"Tabwereza," anatero mayi ake. "Tabwerezanso, mwanangu."